Kodi namwino amene sakulira wauma mtima, kapena watopa?

Wophunzira Unamwino:
Akuluakulu, ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a unamwino ndi uzamba, ndipo pakali pano tikuphunzirira ntchito m'mawodi. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti anamwino amene akutiphunzitsa ndi anthu ochezeka ndithu, koma wodwala akamwalira amangomuphimba nsalu, kulemba nthawi m'faelo, n'kupita pa bedi lotsatira nkhope ili gwa. Kodi zimenezi ndi zimene zimamuteteza munthu pa ntchitoyi, kapena ndi chizindikiro chakuti iyenso wayamba kuvulala mumtima?

Mzamba Wopuma Pantchito:
Mwana wanga, usafulumire kuwaweruza. Namwino amene ali yekha usiku mu wodi yodzaza, odwala ena atagona pansi pakati pa mabedi, sangathe kuima n'kulira pamene pa bedi lina diripi yatha ndipo pena mwana akukomoka. Kupitiriza ntchito pa nthawi ngati imeneyo n'chifundonso. Ngozi imayamba pamene munthuyo waweruka koma tulo osabwera, akamakalipira ana ake popanda chifukwa, kapena akayamba kumutchula wodwala ndi nambala ya bedi m'malo mwa dzina lake. Chimene chimaonjezera vutoli, m'kuona kwanga, ndi locum, ntchito yoonjezera yolipidwa payokha. Malipiro akachepa, namwino amagulitsa masiku ake opuma kuti apeze ya sukulu fizi, ndipo amabwerera ku wodi thupi lisanatsitsimuke. Munthu wotero ungamuphunzitse za ulemu kwa odwala kangapo konse, koma mawu okoma satuluka.

Dokotala wa Kumudzi:
Ndikugwirizana ndi mayiwa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo usanathe, namondwe wa Freddy anagwa m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023. Ogwira ntchito zachipatala amene anaona zonsezi ambiri anangopitiriza ntchito ngati kuti palibe chachitika. Kumene ndikugwira ntchito tinayamba mwambo wosalira ndalama: pakachitika imfa yowawa, makamaka ya mayi woyembekezera kapena ya mwana, timakhala pansi kwa mphindi zochepa popatsirana ntchito m'mawa, ndipo tisanafunsane chimene chinalakwika timafunsana mmene aliyense wagonera. Amene zamukulira timamulimbikitsa kukaonana ndi alangizi a zamaganizo. A chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza pa nkhani za maganizo, ndipo kupita kumeneko si kuti munthu wapenga.

Wodikirira Wodwala:
Ine si wachipatala, koma ndinagonapo m'khonde podikirira bambo anga amene ankadwala khansa. Pepani ngati ndikulakwitsa, koma kutopa kusakhale chobisalira pa chilichonse, chifukwa alipo ena amene amalalatira agogo ofika patsiku loyamba, osadziwa n'komwe kumene kuli zenera la mankhwala. Ife odikirira sitiyembekezera kuti namwino alire nafe. Amene ndimamukumbukira ndi mayi wina amene ankawapatsa moni bambo anga asanawagwire mkono, ndipo zinthu zitafika poipa anandiitanira pambali n'kundiuza mosabisa kuti ndiitane abale. Sizinamutengere mphindi ziwiri, koma achimwene anga anafika kuchokera kumudzi bambo akadalankhula.