Tingayanjanitse bwanji anthu pamene olakwa sakuvomera?

Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru, zatikanika.

Ndili m'kagulu kodzipereka kamene kakuyesa kuyanjanitsa mitundu iwiri imene inamenyana chisankho chitatha. Nyumba zinatenthedwa, anthu anaphedwa, ndipo mpaka lero mbali ziwirizi sizipatsana moni.

Tinaitanitsa msonkhano wa onse, unathera m'kulozana zala. Atsogoleri a zipembedzo analalikira za kukhululuka, koma mayi wina wamasiye anangonyamuka n'kutuluka, ndipo ine sindimuimba mlandu. Mpira wa achinyamata unayenda bwino, akuluakulu okha sanaonekeko.

Ndawerenga za makhoti a gacaca a ku Rwanda (makhoti a m'midzi amene ankaweruza milandu ya kupha anthu chifukwa cha mtundu wawo), amene anatsekedwa mu 2012, komanso komishoni yofufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu imene ankaitsogolera Desmond Tutu ku South Africa, yomwe inayamba kumva maumboni mu 1996. Konseku woulula zoona ankapindulapo, chilango chinkachepa kapena ankakhululukidwa ndi lamulo. Ife mphamvu zimenezo tilibe.

Ndiye wolakwa tingamukope ndi chiyani kuti avomere? Kodi tiyambe kukumana ndi mbali iliyonse payokha, kapena tikambe kaye zobwezera katundu amene anawonongedwa? Amene munagwirapo ntchito yotere, munayambira pati?