Ndithandizeni, mwana wanga akulephera mafunso a literature

Mayi a ku Mabvuku: Moni abale anga pa gulu pano. Mutu waima. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4, alemba mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso kuno ku Zimbabwe, mu Novembala, ndiye aphunzitsi alemba m'kope mwake kuti sakumvetsa point of view, theme ndi allusion. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7 kwathu ku Dedza. Ndimadzuka 4 koloko kukaoda tomato ku msika wa Mbare, magetsi akazima mwanayu amawerengera tochi ya foni, eni nyumba akwezanso lendi, bambo ake chipitireni ku Joni ngakhale kakobidi. Dzulo wagona akulira. Ndimuthandize bwanji?

Mphunzitsi wopuma, Highfield: Mayi, vuto ndi foni imeneyo. Ana a lero sawerenga! Ife Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ya 1958 ija, tinkaidziwa ngati dzina lathu. Allusion ndi pamene wolemba akukodola nkhani ina osaifotokoza. Dzina la bukuli analitenga m'ndakatulo ya Yeats, The Second Coming. Point of view ndi funso loti akusimba ndani. Kwa Achebe wosimbayo ali panja, amangoti Okonkwo, mwini nkhaniyo, anachita zakutizakuti.

Mlongo wa ku Tafara: Bambowo asumireni kukhoti azilipira mwana. Wanganso anandisiya ndi ana atatu.

Wophunzira pa UZ (University of Zimbabwe): Aphunzitsi, si mabuku onse otero. Mu Nervous Conditions ya Tsitsi Dangarembga, ya 1988, mtsikana Tambu akusimba yekha nkhani yake. Achibale ake Nyasha ndi Babamukuru timawaonera m'maso mwake, ndiye mwana azifunsa: kodi Tambu sakuona chiyani? Mayi, kodi akuwerenga buku liti?

Mphunzitsi wopuma, Highfield: Iwe mwana, ndaphunzitsa usanabadwe. Ayambe ndi Achebe, enawo pambuyo. Foniyo amulande kaye.

Bambo a ku Epworth: Musayerekeze za ma extra lesson. Ine ndinalipira madola a miyezi iwiri, munthuyo anabwera katatu basi, kenako nambala osapezeka.

Malume Kombi: Allusion ndimayesa ndi mankhwala a chifuwa kkkk

Gogo wa ku Mufakose: Musaseke, mnzathu ali pamavuto. Mwanawe, nthano ya Kalulu ndi Fulu umaidziwa. Ukaisimba yonse, imeneyo ndi nkhani. Ukati ikukamba za kudzikuza, mwana wanga akuti ndiyo theme. Muuze azikusimbira mutu umodzi usiku uliwonse m'Chichewa, iwe uzimufunsa kuti wolembayo chikumupweteka n'chiyani.

Mphunzitsi wopuma, Highfield: Gogo, ZIMSEC safunsa za Kalulu. Pafunika umboni wochokera m'buku, mfundo iliyonse ndi mawu ake. Popanda zimenezo malikisi palibe.

Wophunzira pa UZ: Mayi, dzina la buku chonde. Ndili ndi manotsi, ndikhoza kukutumizirani.

Mayi a ku Mabvuku: Zikomo nonse. Foni sindingamulande, ndiyo nyali yathu. Gogo, ndiyesa usiku uno. Achemwali a ku Tafara, za khotizo munayambira ofesi iti?