Tiana ta galu wanga tili ndi njoka zam'mimba, ndithandizeni

Abale anga oweta agalu, ndithandizeniko nzeru. Galu wanga ali ndi tiana ta masabata atatu, koma timimba tatupa, ubweya wayima, ndipo kena kasanza nyongolotsi zoyera, zazitali ngati spageti. Ndikudziwa kuti njokazi tianati timazitengera kwa make tisanabadwe kapena poyamwa.

Pa msinkhu umenewu, ndigule mankhwala ati a njoka zam'mimba, pyrantel kapena fenbendazole? Ndizitimwetsa pakapita masabata awiri aliwonse mpaka liti? Nanga makeyo amwenso ngakhale akuyamwitsa?

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ana anga, amasewera m'dothi pabwalo pomwepo, pamene mazira a njokazi amatha kukhala nthawi yaitali osafa. Ndowe za agaluwa ndikumaola m'mawa uliwonse n'kutaya m'chimbudzi. Pali china choti ndichite? Amene munadutsamo, chonde ndiuzeni.