Mawu achizungu a mu Scrabble, tizingoloweza kapena tidziwenso matanthauzo?

Wongoyamba_gemu:
Moni nonse. Ndayamba kusewera Scrabble pa foni nde pali chinthu chikundisowetsa mtendere, chizungu ndimachidziwa ndithu, mabuku ndimawerenga, koma anthu akumandigonjetsa ndi timawu tachilendo ngati QI, ZA, XU tomwe sindinationepo pena paliponse. Munthu kungoika zilembo ziwiri basi watenga mapointi 62 pomwe ine ndaswa mutu kupanga liwu lalitali koma mapointi ake ochepa zedi. Kodi timawu timeneti ndi chizungu chenicheni? Nanga amene mwasewera nthawi yaitali mumangoloweza kapena mumaphunzira ndi tanthauzo lomwe? Wordle (gemu yopeza liwu lobisika la zilembo 5) ndi ma crossword ndimapanganso, ngati pali malangizo ndilandira.

MalumeZilembo:
Achimwene ndi mawu enieni amenewo, kungoti mu Scrabble woweruza ndi dikishonale ya gemuyo osati makutu athu. Maiko ambiri amagwiritsa ntchito Collins Scrabble Words, ku America ndi Canada ali ndi mndandanda wawowawo, nde muyambe mwaona kuti apu yanu ikutsata uti chifukwa liwu ngati ZO kwa Collins limaloledwa koma kwa aku America ayi. QI ndi mphamvu ya moyo malinga ndi chikhulupiriro cha ku China, XU ndi kandalama ka ku Vietnam, XI ndi chilembo cha Chigiriki, JO ndi wokondedwa mu kayankhulidwe ka ku Scotland, ZA ndi pizza anangoidula.

Mapointi 62 aja anabwera chonchi, Q ndi mapointi 10, akaiika pa bokosi lochulukitsa chilembo katatu n'kupanga QI mopingasa komanso chotsika, Q uja amawerengedwa mbali zonse ziwiri. Ndiye timawu ta zilembo ziwiri lowezani tonse, tangopitirira pang'ono 100, sabata ziwiri mwamaliza. Ubwino wake si mapointi okha, timakupatsani mpata woika liwu lanu moyandikana ndi la mnzanu mizere iwiri kugundana. Mukatero pitani pa mawu a Q opanda U monga QAT, QADI, FAQIR, TRANQ kuti Q asamakukanirireni m'manja mpaka gemu kutha.

Chinanso chomwe ongoyamba sachiona, musamathamangire kutaya zilembo zabwino. Mukaika zonse 7 kamodzi pali bonasi ya 50, nde sungani A, E, I, N, R, S, T. Zimenezi zokha zimatulutsa RETAINS, NASTIER, RETINAS, STAINER ndi ena. S ndi kopanda chilembo kaja, komwe kamaimira chilembo chilichonse, musamawononge pa mapointi 10.

Za tanthauzo ine ndinene zoona, pa Scrabble sizikakamiza. Nigel Richards wa ku New Zealand anawina mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa mu 2015 chikhalirecho Chifalansa sayankhula, anangoloweza mawu basi.

Mayi_wa_crossword:
Malume apa ndikutsutsani pang'ono. Richards ndi munthu mmodzi wa mutu wachilendo, enafe liwu lopanda tanthauzo silikhalitsa m'mutu, lero waloweza mawa lathawa. Komanso tanthauzo limakuuza ngati liwulo lingalandire S kapena ED kumapeto. Ukadziwa kuti QI ndi dzina la chinthu sukayika kuika QIS, ukapanda kudziwa uzingoyerekeza n'kuluza mpata wako.

Nde popeza wofunsayu wati amapanganso ma crossword, kumeneko kuloweza sikuthandiza olo pang'ono, gemu yonse ndi matanthauzo. Makamaka zija za cryptic za m'manyuzi a ku Britain, wolemba amakusocheretsa dala ndi liwu lokhala ndi matanthauzo awiri. Akalemba flower inu mumaganiza duwa pomwe iye akutanthauza chinthu choyenda ngati madzi, ndiye kuti mtsinje, yankho mwina THAMES. Akalemba number nthawi zina si nambala, ndi mankhwala ochititsa dzanzi, kuchokera ku liwu loti numb. Mukaona broken, mixed kapena confused dziwani kuti akuti musakanize zilembo za liwu loyandikana nalo, ngati mmene LISTEN amasandukira SILENT. Ine chomwe ndimapanga, ndikakumana ndi liwu ndimaliyang'ana mu dikishonale mpaka pansi, osangothera pa tanthauzo loyamba, chifukwa lachitatu kapena lachinayi ndi limene olemba mafunso amakonda. Ndipo zimakoma kwambiri, liwu lomwe umaliyesa ukulidziwa kalekale umapeza kuti unkangodziwa theka lake.

Wongoyamba_gemu:
Zikomo kwambiri nonse awiri, za flower zija zanditsegula maso. Nanga pa Wordle? Dzana ndinapeza ATCH kumapeto koma mipata yonse inatha ndisanalipeze.

Kachilembo22:
Msampha umenewo wagwira ambiri aise. CATCH, MATCH, PATCH, LATCH, HATCH, WATCH, BATCH onse akukwana ndipo mipata ndi 6 yokha. Ukangoona choncho usamayese limodzilimodzi, pereka mpata umodzi pa liwu ngati CLAMP lomwe likuyesa C, L, M ndi P nthawi imodzi, likakana onsewo watsala ndi atatu basi. Izi zimatheka ngati sunayatse hard mode, yomwe imakukakamiza kugwiritsanso ntchito zilembo zomwe wapeza kale. Kumbukiranso kuti chilembo chimatha kubwera kawiri mu liwu limodzi, komanso masipelo ndi achi America, gemuyi anaipanga Josh Wardle koma New York Times inaigula mu 2022, nde FAVOUR ndi HUMOUR amalembedwa FAVOR ndi HUMOR n'kulowa mu zilembo 5.

MalumeZilembo:
Mayi pa nkhani ya S ndi ED ndavomera. Ndiye achimwene pangani chonchi, timawu ta zilembo ziwiri ndi zitatu phunzirani pamodzi ndi matanthauzo, a zilembo 7 lowezani m'magulu ngati aja a RETAINS. Mukadziwa dikishonale yomwe apu yanu ikutsata mutiuze tikuthandizeni poyambira.