Za funso langa lija la kusanthula nkhani

Paja ndinafunsa kuti zimatheka bwanji anthu awiri kusanthula nkhani imodzi mosiyana koma onse nkukhoza. Ndayesa zomwe munandiuza zija, zowerenga nkhani imodzi ndi maso osiyanasiyana, zathekadi.

Ndinatenga kankhani kakafupi ka mtsikana wantchito yemwe wachotsedwa ntchito ndi abwana ake. Ndi maso a Marxism, oyang'ana za olemera ndi antchito awo, ndimangoona za chuma basi, ndani ali ndi nyumba, ndani akukhetsa thukuta. Nditabwerezanso ndi feminism, yoyang'ana momwe akazi akuonetsedwera, ndipamene ndinadzidzimuka, mtsikanayu sakuyankhula olo kamodzi nkhani yonse, akumuyankhulira ndi azibambo okhaokha, ndipo ulendo woyamba sindinazione nkomwe ine.

Formalism ndiye yanditulutsa thukuta, amati usiye mbiri ya wolemba uyang'ane mawu enieniwo ndi kamangidwe kake, ndiye ndinayamba kuwerenga kuti mawu oti chitseko abwera kangati, ndipo paliponse pomwe abwera chitsekocho chikutsekedwa, sichikutsegulidwa.

Amene munatchula Roland Barthes, katswiri wa zolembalemba wa ku France uja, zikomo, ndapeza kuti maganizo ake a imfa ya wolemba, oti tanthauzo la nkhani limachokera kwa wowerenga osati kwa wolemba, anatuluka mu 1967. Koma sindikugwirizana nawo kwenikweni, wolembatu amasankha yekha woti amutseke pakamwa.