Thandizeni: asidi wopangira viniga wauma m'chigubu

Abale anga pagulu pano, ndigawireni nzeru. Ndimapanga achali wa mango ndi sosi wa tsabola kuno ku Dedza. Viniga wa m'mabotolo wakwera mtengo, ndiye ndinagula chigubu cha acetic acid, cholembedwa "glacial 99%", kuti ndizisakaniza ndekha ndi madzi. Lero m'mawa ndapeza zam'kati zauma gwa ngati ayisi. Mnyamata wondithandiza akuti tichiike pambali pa mbaula chisungunuke, koma mtima wanga ukukana. Ukangotsegula, fungo limalasa m'mphuno mpaka misozi. Kodi waonongeka? Nanga akadonthera munthu pakhungu kapena m'maso ndichite chiyani? Ana amaseweranso pakhonde pomwepo.

Yankho 1: Mayi, sanaonongeke. Asidi ameneyo amauma kukazizira pansi pa madigiri 17, ndiye Dedza mu June musadabwe. Koma pambaula ayi ndithu! Akafunda kufika madigiri 39, nthunzi yake imatha kugwira moto. Ikani chigubucho m'beseni la madzi ofunda pang'ono, panja popita mphepo, kutali ndi makala.

Yankho 2: Viniga wa m'sitolo amakhala ndi asidi pafupifupi 5 peresenti, wanuyo amawotcha mnofu. Akadontha pakhungu, vulani chovala chanyowacho, thirani madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15. Za Colgate, mafuta ophikira kapena dzira zisiyeni. Matuza amatha kutuluka patapita maola, choncho musati poti sipakuoneka bala ndiye basi. M'maso tsukani diso lili chotsegula, kenako kuchipatala msanga, chifukwa munthu amatha kuchita khungu. Mwana akamwa musamusanzitse, asidiyo amawotchanso pobwerera. Mutsukeni m'kamwa, thamangani naye, ndipo jambulani lebulo ya chigubu mukaonetse adokotala.

Yankho 3: Musamuthire m'botolo la Fanta chonde, amaoneka ngati madzi. Komanso asakumane ndi Jik, pamatuluka mpweya wa klorini wobanikitsa. Akatayikira pansi fotserani mchenga, kenako wazani soda wophikira pang'onopang'ono mpaka thovu lithe.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, chigubu ndachikiyira m'shedi. Nanga kasakanizidwe kake?

Yankho 1: Lita imodzi ya asidi ku malita 19 a madzi. Muzithira asidi m'madzi, osati madzi mu asidi, mutavala magolovesi ndi magalasi. Koma yambani mwaona ngati palembedwa "food grade" kapena E260, zizindikiro zoti ndi woyenera m'chakudya. Ngati palibe, ameneyo akhoza kukhala wa m'mafakitale, asalowe m'chakudya. Poti mumagulitsa, kafunseninso ku Malawi Bureau of Standards.

Wofunsa: Lebulo yang'ambika theka, E260 sindikuiona. Mawa ndibwerera kwa amene anandigulitsa.