Loya akufunsa kumene ndalama za dipoziti zachokera, za chipereganyu ndiyankhe bwanji?

Nachisale_Leicester:
Abale, amene munagulapo nyumba kuno ku England ndithandizeni. Ine ndi bambo a kunyumba tapeza ya zipinda zogona zitatu ku Leicester konkuno, ya £210,000. Banki yavomera kale ngongole, kalata ili m'manja, dipoziti ndi £21,000. Ndimayesa chatsala n'kusayina ndi kulandira makiyi basi, koma dzulo loya watumiza fomu yoti tifotokoze kumene ndalama iliyonse yachokera. Zambiri n'za malipiro athu, mashifiti a usiku amene takhala tikupsa nawo kuchipatala. Koma £6,000 ndinalandira ku chipereganyu cha amayi a kumpingo, ndipo £2,000 anandipatsa achimwene anga a ku Johannesburg. Chipereganyu ndimufotokozera bwanji loya? Nanga landilodi ndimuuze liti kuti tikutuluka? Ana ayamba kale kulimbirana zipinda.

MkuluWaKuManchester:
Mayi, mtima pansi, sikuti akukuganizirani zakuba. Lamulo la kuno limakakamiza loya aliyense kufufuza gwero la ndalama zogulira nyumba. Chipereganyu si mlandu, vuto ndi lakuti ife timachiyendetsa pakamwa ndi pa WhatsApp, pomwe loya amakhulupirira pepala. Sonkhanitsani masitetimenti oonetsa ndalama zikutuluka mu akaunti yanu mwezi ndi mwezi kupita ku gulu, ndi tsiku limene £6,000 ija inalowa. Msungichuma wa gulu alembe kalata: muli angati, aliyense amaponya zingati, inu munalandira liti. Funso limene loya adzafunse ndi lakuti, kodi mukadali ndi miyezi yoti muponye? Ngati munalandira koyambirira, banki ikhoza kuziona ngati ngongole, choncho nenani nokha asanatulukire okha. Zikavuta kwambiri ndi pamene amayi anakupatsani kashi mu envelopu pambuyo pa mapemphero, inu n'kukaponya kubanki tsiku lina. Pamenepo yankhulani ndi loya sabata ino.

Za achimwene anuwo, akufunika kusayina kalata yonena kuti ndi mphatso, sadzaitanitsa, ndipo alibe gawo pa nyumbayo. Aperekenso kope la pasipoti ndi masitetimenti awo. Banki nayo iyenera kudziwa za mphatsoyi. Achimwene ena amakwiya akamva zoti aonetse akaunti yawo, ndiye kawauzeni mwaulemu pafoni, osati pa meseji.

MayiWaAwiri:
Asisi, landilodi musamuuze kanthu mpaka exchange, kusinthana makontirakiti ndi wogulitsa, itachitika. Kuno ku England, musanasinthane makontirakiti wogulitsa akhoza kusintha maganizo, inu n'kutsala panja ndi katundu. Ikachitika exchange ndiye palibenso kubwerera, mukalephera dipoziti imapita. Inshuwalansi ya nyumba iyambe tsiku lomwelo, osadikira completion, tsiku lomaliza kulipira ndi kulandira makiyi.

China, manja m'thumba mpaka makiyi. Osatenga galimoto pa ngongole, osatenga sofa yolipira pang'onopang'ono, osasintha ntchito, chifukwa banki ikhoza kuyang'ananso mbiri yanu ya ngongole isanatulutse ndalama. Onaninso tsiku limene kalata ya banki ikutha mphamvu, zambiri sizipitirira miyezi isanu ndi umodzi. Ndipo ikabwera imelo yoti loya wasintha nambala ya akaunti, musatumize ngakhale paundi imodzi musanaimbe ku ofesi yake pa nambala imene mukuidziwa kale. Akuba amabisalira pomwepo. Completion ya Lachisanu ine sindiikonda, ndalama zikachedwa mugona mu vani mpaka Lolemba.

BamboAKuNottingham:
Onse akunena zoona, koma pali funso limene Amalawi timalidumpha. Mayi Nachisale, inu kapena amuna anu muli ndi nyumba kumudzi? Kuti musalipire Stamp Duty, msonkho wogulira nyumba, ngati ogula koyamba, zomwe kuyambira pa 1 April 2025 zimagwira mpaka £300,000, nonse awiri mukhale kuti simunakhalepo ndi nyumba kulikonse padziko lapansi. Ya ku Ndirande imawerengedwa, ya ku Mzuzu imawerengedwa, ngakhale yosiyiridwa ndi makolo.

Nachisale_Leicester:
Mayo ine! Bambo a kunyumba anamanga ku Area 25 tisanabwere kuno, muli alendi. Pa fomu tinati tichonge kuti ndife ogula koyamba, poti kuno sitinagulepo.

BamboAKuNottingham:
Musachonge. Mwayi wa ogula koyamba wapita, koma pamenepo si poopsa: pa £210,000 mulipira 2% ya ndalama zopitirira £125,000, ndiye kuti £1,700. Poopsa ndi apa. Ngati nyumba ya ku Area 25 ingagulidwe pa £40,000 kapena kuposa, a HMRC, otolera misonkho kuno, amaona ya ku Leicester ngati yachiwiri, ndipo amawonjezera 5% pa mtengo wonse. Ndiye £10,500 pamwamba pa £1,700 ija, zonse £12,200. Kulemba nyumba yatsopanoyo m'dzina lanu lokha sikuthandiza pa 5% imeneyi, chifukwa mwamuna ndi mkazi amawatenga ngati munthu mmodzi.

Ikakhala pansi pa £40,000, 5% ija siikukhudzani. Ndiye musaweruze ndi maso kapena kumvera mtengo wa madobadoba. Tumani m'bale ku Lilongwe apeze valuer wovomerezeka, katswiri woyesa mtengo wa nyumba, akaione, alembe lipoti lodinda, loya wanu asinthe mtengowo m'mapaundi. Msonkhowu umalipidwa pasanathe masiku 14 kuchokera pa completion, koma maloya amafuna ndalamayo ifike kwa iwo completion isanachitike. Ngati mu dipoziti muli za Lifetime ISA ya amuna anu, akaunti yosungira ndalama imene boma limaonjezerapo, nenaninso, chifukwa nayo ndi ya ogula koyamba.

Nachisale_Leicester:
Zikomo bambo. ISA tilibe. Loya ndamulembera kuti exchange idikire lipoti la ku Lilongwe, ndipo msungichuma wathu akuti kalata abweretsa Lamulungu kutchalitchi. Amene mukudziwa kuti valuer amatenga nthawi yaitali bwanji kutulutsa lipoti, ndiuzeni, kalata ya banki ikutha mu November.